Pamene tinkaonera kanema limodzi

Loweruka lapitali ndinadutsa ku Ndirande kumene ndinakulira, ndipo ndinakhotera kuseri kwa msika kukaona nyumba yathu yakale ya kanema. Ndinapeza ili golosale. Pakhoma pomwe ankayedzamitsa bolodi lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo, pano apachikapo matumba a sopo.

Achinyamata a lero mwina sangamvetse. Dziko lathu linakhala lopanda wailesi ya kanema mpaka 1999 pomwe TVM inayamba kuulutsa. Nyumba ya kanema ya Apollo m'tauni inali ya anthu a ndalama zawo. Ife ana a m'makwalala tinali ndi chipinda cha malata, mabenchi a matabwa, TV imodzi ndi deki.

Ndalama yolowera tinkaipeza movutikira: kutunga madzi, kutola mabotolo, kapena kusunga matambala otsala akatituma. Ikasowa, tinkasinthana kusuzumira pa kabowo ka msomali, diso limodzi lili tsinzi. M'katimo munkatentha, fungo la thukuta losakanikira ndi la chimanga chootcha, koma palibe ankatuluka. Bruce Lee akangopukuta magazi ndi chala, chipinda chonse chinkaimirira. Commando akazingidwa ndi adani, wina kumbuyo ankakuwa kuti, "Osadandaula, ekita samafa!" Mnyamata wina wa kusekondale ndiye ankatimasulira Chingerezi, ndipo tinkamusungira malo kutsogolo ngati mfumu. Tepi ikadyedwa, mwini wake ankaitulutsa mosamala n'kuikulunganso ndi chala, tonse tili zii kudikira.

Makolo athu sankalakwa kudandaula. Ana ena ankathawa sukulu, ndipo usiku m'malo ena munkaonetsedwa zosayenera. Komabe m'chipinda chija munali chinthu chimene sindikuchipezanso: kondakitala wa minibasi, kalipentala ndi mwana wa mphunzitsi ankakhala benchi limodzi, kuseka nthawi imodzi, kenako n'kutuluka akukangana za filimuyo mpaka kunyumba.

Ma DVD atatchipa ndipo mafoni atafika, aliyense anatenga kanema wake. Lero m'nyumba mwanga ana atatu amaonera zinthu zitatu, aliyense ataweramira m'dzanja lake.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti tsopano tili ndi mafilimu athuathu. Shemu Joyah anatipatsa The Last Fishing Boat mu 2012, ndipo Joyce Mhango Chavula anapambana mphotho ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Nthawi imene tinali ndi mabenchi odzaza, tinkaonera nkhani za eni. Pano nkhani zathu zilipo, mabenchi ndiye palibe.

Maholo a sukulu ndi a mipingo amakhala otseka madzulo ambiri. Pulojekita imodzi ndi nsalu yoyera n'zokwanira. Atsogoleri a m'madera, tsekulani zitsekozo ngakhale kamodzi pamwezi, ana athu amveko mmene chipinda chodzaza chimakuwira ekita akalankhula Chichewa.