CHINGEREZI CHISATITSEKERE CHITSEKO CHA UDOKOTALA

Achinyamata anzathu a ku Nkando ndi Mulanje yense,

Kuti munthu asankhidwe kupita ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE, amafunika makirediti 6 pa MSCE, ndipo Chingerezi chikhalepo. Kirediti imathera pa mapointi 6. Ndiye mwana wa pa CDSS amene wapeza 1 Masamu, 2 Biology, 2 Chemistry, 2 Physics, koma Chingerezi 7, sangapikisane nawo n'komwe pa malo a udokotala ku KUHeS. Pointi imodzi yokha, basi zake zada. Chilungamo chimenecho eti?

Sitikunena kuti Chingerezi n'chopanda ntchito ayi. Mabuku a zachipatala ali m'Chingerezi, tikudziwa. Koma mayesowa akuyeza nzeru za mwana kapena thumba la makolo ake? Wa pasukulu yapulaiveti m'tauni amayankhula Chingerezi kuyambira kumkaka. Wa kuno amachimva m'kalasi mokha, buku limodzi kulimbirana gulu lonse, akaweruka n'kupita kumunda. Mpikisano wanji umenewo?

Komanso taganizani. Agogo akafika pachipatala cha boma cha Mulanje, sanena matenda awo m'Chingerezi. Amati "m'mimba mukundipota", ena amafotokoza m'Chilomwe. Dokotala amene sawamva angawathandize bwanji? Ku South Africa, yunivesite ya KwaZulu-Natal inalamula kuti kuyambira 2014 ophunzira atsopano aziphunzira Chizulu. Ife kuno tikutaya ana odziwa chiyankhulo cha odwala chifukwa cha galamala ya azungu.

Zomwe tikufuna ndi izi:

1. KUHeS ndi NCHE alole mwana wokhoza bwino sayansi ndi Masamu, amene Chingerezi wapeza 7 kapena 8, kupikisana nawo. Chingerezicho akachinole m'chaka choyamba chokonzekera za udokotala, alembenso mayeso komweko.

2. Unduna wa Zamaphunziro utumize aphunzitsi a Chingerezi ndi mabuku okwanira m'ma CDSS. Ambirife tili ndi madigiri koma tikungokhala pakhomo. Tilembeni ntchito, tikaphunzitse azing'ono athu.

3. Wophunzira udokotala aliyense aziyesedwa ngati amatha kufunsa ndi kumva wodwala m'chiyankhulo cha m'dera.

Aphungu athu a ku Mulanje, nkhaniyi kaiyankhuleni ku Nyumba ya Malamulo. Tikuonani, ndipo sitiiwala.

Anzathu, ngati kwanu kuli mwana amene anagwa ndi Chingerezi chokha, tiuzeni pagulu pano, tikuwerengetsa. Uthengawu musaukhalire, utumizeni m'magulu onse.

Achinyamata a ku Nkando