WOGOLETSA YEKHA SANYAMULA CIKHO

Inu acinyamata a m'mipingo ya ku Kitwe ndi ku Ndola, lero ndabwera ndi mlandu, ndipo oimbidwa mlanduwo ndinu.

Posacedwapa ndinakaonerera mpikisano wa basiketibolo wa magulu a acinyamata a mipingo ku Kitwe. Pa masewera omaliza panali mnyamata wina wamtali, wodziwa kuponya mpira, amene anthu anali kumukuwira nthawi zonse akaugwira. Timu yake inagonja. Inagonja cifukwa mnyamata wina wamfupi wa timu inayo anamumatirira ngati nkhupakupa, ndipo m'cigawo comaliza wamtaliyo sanagoletse ngakhale kamodzi. Koma pogawa mphoto, ya wosewera bwino koposa inapita kwa wamtaliyo, pakuti mapointi ake a tsiku lonse anali ambiri. Wamfupiyo dzina lake silinachulidwe. Mu minibasi pobwerera ndinamumva akuuza mnzake kuti, "Caka camawa nanenso ndidzangoponya. Kuchinga kulibe malipiro."

Mau amenewo ndiwo andilembetsa nkhaniyi. Mnyamata uja sanalakwe kuganiza motero. Tinamuphunzitsa ndife, ndi manja athu ndi mfuu yathu.

Kodi mumawerenga ciani?

Mukamakangana pansi pa mtengo ku Chimwemwe kapena ku Chifubu za wosewera wamkulu koposa, mumachula ciani? Mapointi. Mukatsegula foni, timavidiyo timene mumatumizirana timaonetsa munthu akulumpha ndi kuponya mpira kucokera kutali. Palibe amene amatumiza kavidiyo ka munthu amene waima pa malo oyenera mpaka mdani wasowa podutsa. Motero mumaweruza masewera onse mutaona theka lake lokha.

Ganizani mmene masewerawa amayendera. Timu iri yonse iri ndi anthu asanu. Timu ina ikagoletsa, mpira umapita kwa inzake, cotero matimu awiriwa amalandira mpira pafupifupi mofanana. Theka la nthawi imene muli m'bwalo, mpira uli kwa adani. Pa mpira wa miyendo womwetsa zigoli angathe kudikira kutsogolo anzake akuvutika kumbuyo. Pa basiketibolo zimenezo kulibe. Mmodzi akaleka kuchinga, anzake anai amalimbana ndi anthu asanu. Wosewera amene wagoletsa mapointi 20, koma munthu amene anapatsidwa kuti amuyang'anire wagoletsa 25, wasiyira timu yake ngongole ya mapointi asanu. Ndipo ngati anaponya nthawi 30 kuti apeze mapointi 20 amenewo, wataya mipira yambiri imene anzake akadaigwiritsa nchito bwino. Nanga munthu wotere mumamucha bwanji ngwazi?

Mbiri ikutsutsani

Pa 2 March 1962, Wilt Chamberlain wa timu ya Philadelphia Warriors anagoletsa mapointi 100 m'masewera amodzi. Mpaka lero palibe amene wafikapo pamenepo mu NBA. Koma cikho ca caka cimeneco cinapita ku Boston Celtics, kumene kunali Bill Russell, munthu amene nchito yake yaikuru inali kuchinga ndi kutola mipira yobwerera. Masiku amenewo osewera okha ndiwo anali kusankha wosewera wofunika koposa, ndipo mu 1962 anasankha Russell. Iwo anadziwa amene anali kuwasautsa m'bwalo. Russell anatenga zikho 11 m'zaka 13. Chamberlain anatenga ziwiri.

Mudzati, "Nanga Michael Jordan?" Cabwino, tiyeni kwa Jordan. Mu April 1986 anagoletsa mapointi 63 polimbana ndi Boston, koma Chicago Bulls inagonja masewerawo 135 kwa 131. M'nyengo ya 1986 mpaka 1987 anali kugoletsa mapointi oposa 37 pa masewera ali onse, komabe timu yake inaturutsidwa m'ndime yoyamba osapambana ngakhale kamodzi. Scottie Pippen anabwera mu 1987. Atakhwima, zikho zinayamba kubwera: 1991, 1992, 1993, kenaka 1996, 1997 ndi 1998. Pa zitatu zomalizazo panalinso Dennis Rodman, amene sanali kusamala zogoletsa, koma anatsogola NBA yonse pa kutola mipira yobwerera kwa zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana. Ndipo amene mumavala malaya a nambala 23, kodi mudziwa kuti Jordan yemweyo anasankhidwa kukhala wochinga bwino koposa mu 1988? Mumatsanzira lilime lake ndi kulumpha kwake, koma thukuta lake la kumbuyo mumalisiya.

Tibwere kwathu ku Africa. Dikembe Mutombo anabadwira ku Kinshasa mu 1966, m'dziko limene malire ake ali pafupi ndi Ndola. Pa moyo wake wonse wa mu NBA, mukagawa mofanana, mapointi ake safika 10 pa masewera. Mwa kuwerenga kwanu, iye sanali kanthu. Koma anasankhidwa kanai kukhala wochinga bwino koposa, mu 1995, 1997, 1998 ndi 2001, ndipo anabweza mipira 3,289 ili m'mwamba. Womposa ndi mmodzi yekha, Hakeem Olajuwon wa ku Lagos. Mu 1994 timu ya Mutombo, Denver Nuggets, imene inalowa m'mpikisano iri pa malo omaliza, inagwetsa Seattle imene inali pa malo oyamba, ndipo iye anabweza mipira 31 m'masewera asanu. Cikho sanacitenge, koma ndalama za nchito yake yosaombeleredwayo zinathandiza kumanga cipatala ku Kinshasa, cochedwa dzina la mai ake, Biamba Marie Mutombo, cimene cinatsegulidwa mu 2007. Anamwalira mu 2024.

Anansi athu a ku Angola anatenga cikho ca Africa nthawi 11 pakati pa 1989 ndi 2013. M'zaka zonsezo analibe ngakhale wosewera mmodzi mu NBA, pakuti woyamba wao, Bruno Fernando, analowako mu 2019. Anapambana monga timu.

Ngati za basiketibolo zikuoneka zakutali, kumbukirani usiku wa pa 12 February 2012 ku Libreville. Ivory Coast inali ndi Didier Drogba ndi Yaya Touré, maina odziwika dziko lonse. Chipolopolo inawatsekera khomo mphindi 120, ndipo amene anamenya penate yomaliza yotipatsa cikho anali Stoppila Sunzu, wosewera kumbuyo. Usiku umenewo munabvina m'misewu cifukwa ca anthu ochinga. Mwaiwala msanga bwanji?

Kulakwa kwina, kwa mbali inayo

Tsono musandimve molakwa. Sindikunena kuti wogoletsa alibe nchito. Timu yosagoletsa singapambane, ndipo pa mphindi yomaliza pamafunika munthu wolimba mtima woti aponye. Mphatso imeneyo ndi yeniyeni, ndipo kuicitira nsanje ndi chimo.

Palinso ena mwa inu amene mumanyoza mwa njira yina. Mukaona wosewera wacita bwino pambali pa katswiri, mumati, "Ameneyo wangokwera pamsana pa mnzake." Ambiri ananena zimenezo za Pippen. Koma Jordan atacoka mu 1993, Chicago inapambana masewera 55 m'nyengo yotsatira, pamene caka cam'mbuyo, Jordan alipo, inapambana 57. Pippen sanali katundu wa pamsana. Komanso nzoona kuti caka cimeneco cikho sanacitenge. Pippen sanatenge cikho popanda Jordan, ndipo Jordan sanatenge cikho popanda Pippen. Amene afuna kudziwa kuti anadalira mnzake ndani, yankho nlakuti onse awiri. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Kudalira mnzako si manyazi. Pa Eksodo 17, Mose anali ndi ndodo m'manja, koma manjawo atalema, Aroni ndi Huri ndiwo anawacirikiza kufikira dzuwa litalowa, Yoswa ali kumenya nkhondo m'munsi. Kodi tsiku limenelo anapambana ndani? Cotsanipo mmodzi, muone ngati nkhani idzatha cimodzimodzi.

Inu ana a ku migodi muyenera kudziwa zimenezi kuposa ena onse. Funsani agogo anu amene anagwira nchito pansi pa nthaka. Ku Konkola, mgodi umene uli pakati pa migodi ya madzi ambiri pa dziko lonse, woyang'anira mapampu sakumba mkuwa ngakhale supuni imodzi. Koma iye akagona, palibe amene adzakumba.

Mlanduwu walowa m'mpingo

Cimene cindiopsa ndi cakuti matenda a pa bwalo afika m'nyumba ya Mulungu. M'kwaya ali yense afuna kukhala wotsogolera nyimbo, wogwira maikolofoni. Pa msonkhano wa acinyamata ali yense afuna kulalikira. Nanga wosesa, wotunga madzi, wophika nsima ya anthu makumi asanu, woyendera mnzathu wodwala amene waleka kubwera, ndani amawachula? Timaombera m'manja amene aoneka, ndipo pambuyo pake timadabwa kuti nchito zosaoneka zasowa ozigwira.

Werengani 1 Samueli 30. Davide anathamangitsa Aamaleki ndi anthu 400, pamene 200 anatsala pa mtsinje wa Besori ndi katundu cifukwa analema. Pogawa zofunkha, ena anafuna kuwamana. Davide anakana, ndipo anaika lamulo lakuti wotsala ndi katundu alandire mofanana ndi wopita ku nkhondo. Werenganinso 1 Akorinto 12, pamene Paulo aphunzitsa kuti ziwalo za thupi zooneka zofooka nzofunika, ndi kuti diso silingakane dzanja. Musaiwale kuti masewerawa anayambira m'nyumba ya Cikristu. James Naismith, amene anaphunzira zaubusa, anawayambitsa mu 1891 pa sukulu ya YMCA ku Springfield, m'dziko la America. Ife a mpingo tiyenera kukhala oyamba kuwaweruza molungama.

Cocita ndi ici

Mukafuna kudziwa mtengo wa wosewera, funsani mafunso atatu. Kodi mpira ukakhala kwa adani amacita ciani? Kodi anzake amasewera bwino kapena moipa iye akakhala m'bwalo? Kodi akaturuka, timu imasowa ciani?

Kwa inu atsogoleri a acinyamata amene mumakonza mipikisano, pempho langa nlacindunji. Pa tebulo la olemba pakhale munthu waciwiri wolemba mipira yobwerera imene yatoledwa, imene yalandidwa kwa adani, ndi imene yaperekedwa kwa mnzake nagoletsa. Zimafuna pepala ndi pensulo basi. Pakhale mphoto ya wochinga bwino, yofanana kukula kwake ndi ya wogoletsa, ndipo iperekedwe pamaso pa anthu onse. Ndipo inu oonerera, mnzanu akatsekera mdani njira, kuwani monga mumakuwira wina akagoletsa.

Kwa iwe mnyamata wa mu minibasi, ngati magazini ino yakufika m'manja: tinakulakwira. Caka camawa usaleke kuchinga. Cikho cimene timu yanu inanyamula tsiku lija, unacigwirira nchito ndiwe.

Zokambirana m'gulu lanu: Kodi m'timu yanu, m'kwaya yanu kapena m'gulu lanu ndani amagwira nchito imene palibe amaiona? Munamuthokoza liti komaliza? Mudzacita ciani Sabata likudzali?