Chipinda chogona chikasanduka holo ya mayeso

Sabata yatha kunyumba kwathu kunali lamulo lachilendo: kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12, palibe woyatsa wailesi, palibe wogogoda pachitseko, palibenso woimba foni ya vidiyo kumudzi. Mwana wa achemwali anga, yemwe tikukhala naye kuno ku UK ndipo akuphunzira udokotala, ankalemba mayeso kuchipinda kwake, pa laputopu.

Ife amene tinalemba mayeso a MANEB mu holo, woyang'anira akuyendayenda kumbuyo kwathu, tinaona ngati zamasewera. Bambo akunyumba mpaka anafunsa kuti, "Nanga sangotsegula buku bwanji?"

Funso limeneli si lachilendo. Mu Malichi 2020, Covid-19 itatseketsa maholo, Imperial College London inalembetsa ophunzira udokotala a chaka chomaliza okwana 280 mayeso a pa intaneti ali kwawo, ndipo inawalola kutsegula mabuku. Mafunso ake sanali oloweza pamtima ayi. Amakupatsa wodwala, zizindikiro zake ndi zotsatira za kulabu, iwe unene chochita. Zoterezo buku silingakuyankhire nthawi isanathe.

Madzulo ake mwanayu anabwera ndi anzake awiri kudzadya nsima, ndiye ndinawafunsa mmene iwo eni ake amawaonera mayeso oterewa. Zabwino anazitchula mosavuta: sudzukira sitima m'bandakucha, sukhala pakati pa anthu mazana amene akutsokomola, ndipo mtima umakhalako m'malo. Koma atafika pa zowaopsa, nsima inazizira m'mbale.

Choyamba ndi netiweki. Ikaduka pakati pa mayeso, wotchi siidikira, ndipo umayamba kuganiza za imelo yodandaula m'malo moganiza za wodwala wa m'funso. Mmodzi mwa anzakewo anakulira ku Johannesburg. Akuti azibale ake kumeneko ankayamba ayang'ana ndandanda ya kuzima kwa magetsi asanayang'ane tsiku la mayeso.

Chachiwiri ndi kamera. Pa mayeso ena umayamba waonetsa chiphaso ndi chipinda chonse, kenako kamera ndi maikolofoni zimakhala zoyatsa mpaka kumapeto. Ukayang'ana kumbali nthawi yaitali, kapena mawu a munthu wina akamveka, pulogalamu imaika chizindikiro kuti wina adzaunike. Mwana wathuyu anati, "Amayi aang'ono, kulephera ndikhoza kubwereza. Koma kundiganizira kuti ndabera, zimenezo zimamata pa dzina." Sakunama. Udokotala kuno umayang'aniridwa ndi bungwe la General Medical Council, ndipo nkhani ya kusakhulupirika saitenga mopepuka, ngakhale kwa wophunzira.

Apa m'pamene ndinadzimvera chisoni. Nyumba zathu mukuzidziwa: mlendo sachita kupangana tsiku, mwana amatumidwa nthawi iliyonse, ndipo chitseko chotseka timachiona ngati mwano. Ine ndemwe chaka chatha ndinalowa m'chipinda chomwecho ndi kapu ya tiyi, ndili ndi mtima wabwino, osadziwa kuti ndikuoneka pa kamera. Sanandiuze mpaka tsiku la nsimali.

Chimene onse atatu anagwirizana n'chakuti kompyuta imayesa mutu, osati manja. Kugwira mimba ya wodwala, kumvetsera chifuwa, kuuza munthu nkhani yowawa mwaulemu, zimenezi amati ziyesedwe maso ndi maso, pa mayeso aja amawatcha OSCE, pomwe umayenda chipinda ndi chipinda kukumana ndi anthu oyerekezera kudwala. Pamenepo ndinapuma, poti tsiku lina wodwalayo ndidzakhala ine.

Ndiye makolo anzanga, mwana akanena kuti mawa ali ndi mayeso a pa intaneti, funsani ola lake, lembani pepala pachitseko, ena onse achoke pa Wi-Fi, ndipo foni ina ikhale ndi data yokwanira podzitchinjiriza. Alendo auzeni abwere madzulo. Tiyiyo adzamwa akamaliza.