Kabyuleta ifuna kutsukidwa, osati kuboolewa

Pa msewu wocokera ku Chipata kupita ku Chadiza, m'mwezi wa September, tinapeza mnyamata wina alikukankha kanjinga kamoto pacitunda, thukuta liri kamukamu. Pambuyo pake panali kuyenda mai wacikulire, mwana wodwala ali kumsana. Ulendo unali wa ku cipatala. M'thanki munali petulo, pulagi inali yatsopano, koma injini ikangolira pang'ono inali kuzima. Woyendetsa galimoto lathu anamasula kambale ka pansi pa kabyuleta, ndipo m'menemo munatuluka madzi ndi matope ofiira osadzaza ngakhale supuni yaing'ono. Tinyalala tocepa cotero ndito tinaimitsa ulendo wa wodwala.

Cicokere tsiku limenelo ganizo langa ndi lakuti mwini njinga yamoto aliyense wokhala kutali ndi tauni ayenera kudziwa kutsuka kabyuleta ndi manja ake, monga momwe mlimi adziwira kunola khasu lake. Koma ayeneranso kudziwa polekezera, pakuti makabyuleta ambiri m'midzi mwathu aonongeka m'manja mwa anthu amene anali kuyesa kuwakonza.

Nchito ya kabyuleta ndi kusakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Muyezo wake, poyesa kulemera, ndi pafupifupi magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Petulo atsika kucokera m'thanki nagwera m'kambale, momwe muli kanthu koyandama kamene kamakankha kasingano ndi kutseka njira pamene kambale kadzaza. Mpweya, pothamanga m'khosi lopapatiza la kabyuleta, umayamwa petuloyo kudzera m'timabowo ta tizitsulo tiwiri tochedwa majeti. Jeti yaikulu igwira nchito pamene mwaonjezera moto. Jeti yaing'ono ndiyo idyetsa injini pamene ilikulira yokha njinga itaima, ndipo pa tinjinga tating'ono bowo lake silikwana ngakhale theka la milimita. Kamcenga kamodzi kokha kakhoza kulitseka.

Cifukwa cace njinga ya kabyuleta yakuda imadziulula yokha. Imavuta kulira m'mawa, imazima mukangosiya kuonjezera moto, ndipo kawirikawiri siyenda mukabweza choki. Pacitunda imajejema monga munthu wotsamwa. Masulani pulagi muione kumutu kwake. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo alikucuruka. Ikakhala yoyera mbuu, petulo alikucepa, ndipo injini ilikutentha mopitirira. Pulagi ya injini yathanzi imaoneka yofiirira ngati tiyi wamkaka.

Tsono pano ndipo pagona dandaulo langa. Pali cizolowezi coipa cimene cafala pansi pa mitengo ya mango pomwe akonzera njinga, ca kutenga waya kapena singano ndi kutokosa m'jeti. Ena acita dala kukulitsa bowolo, ati njinga idzakhala ndi mphamvu. Majeti apangidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo ife a dziko la mkuwa tiyenera kudziwa bwino kuti citsulo cimeneci ncofewa. Bowo likakula silibwereranso. Injini imayamba kumwa petulo wambiri woposa mpweya umene ilandira, utsi umada, pulagi imafa msanga, ndipo mphamvu imene mwini ake anaiyembekeza siioneka. Cimene cimakula ndi phokoso ndi ndalama zogulira petulo. Munthu wonyamula anthu pa njinga, amene phindu lake liri pa lita iriyonse, akhala alikudzibera yekha tsiku ndi tsiku.

Cizolowezi cina ndi ca kucotsa sefa ya mpweya, imene amakanika aicha eya kilina, ati injini ipume bwino. M'miyezi ya August, September ndi October, pamene misewu ya ku Lundazi ndi ku Petauke iri fumbi lokhalokha, kucita cotero nkuthira mcenga mu injini. Fumbi limenelo silikhala m'kabyuleta mokha ai. Limapitirira kukapala pisitoni ndi maring'i ake, ndipo mtengo wokonzera zimenezo uli kutali ndi mtengo wa sefa.

Kutsuka koyenera sikufuna zida zambiri. Sankhani malo a panja, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya, ndipo injini ikhale itazizira. Yalani nsaru yoyera pansi kuti tizitsulo tisasowe m'dothi. Tsekani kampopi ka petulo, mucotse kabyuleta, mumasule kambale. Kakani cikhomo cogwira coyandama, mucotse coyandamaco pamodzi ndi kasingano kake, ndipo muyang'ane ngati nsonga ya kasinganoko yadyeka. Masulani majeti ndi sikuludiraiva yokwana bwino m'mpata wake, cifukwa yaing'ono imaphwanya mutu wa jeti. Atsukeni ndi mankhwala opopera otsukira kabyuleta, amene agulitsidwa m'masitolo a masipeya, kapena muwaviike m'petulo woyera. Pambuyo pake uzirani mpweya ndi pampu ya njinga yakapalasa, ndipo mupenye jeti iriyonse padzuwa: kuwala kukaoneka kozungulira bwino, bowo latseguka. Likakana kutseguka mutaliviika usiku wonse, gulani jeti ina ya nambala yomwe yalembedwa pa yakaleyo.

Pambali pa kabyuleta pali kasikuluwu kolinganiza mpweya ndi petulo. Musanakacotse, kapotokoleni pang'onopang'ono kulowa mkati kufikira kagunda, mulikuwerenga kuti kazungulira kangati, ndipo mulembe nambalayo. Pobwezera, kalowetseni mpaka kugunda mosakakamiza, ndi kukabweza mwa nambala yomweyo. Anthu ambiri amaiwala kuwerenga kumeneku, ndipo akatha amati kutsuka ndiko kwaononga njinga. Eni masikuta aja osasintha magiya acenjerenso ndi kamphira kopyapyala kamene kali pansi pa civindikiro ca pamwamba pa kabyuleta. Kamang'ambika msanga, ndipo mankhwala opopera amakaononga. Kacotseni coyamba mukaike padera.

Ena adzati, kodi amakanika adzadya ciani aliyense akayamba kudzikonzera? Nchito yao siidzatha. Njinga ikamatulutsa utsi wa buluu, ndiye kuti ilikuwocha oilo, ndipo ngakhale mutatsuka kabyuleta kakhumi sipadzakhala kusintha. Imeneyo ndi nchito ya makanika wodziwa, pamodzi ndi kulinganiza mavalavu ndi kukonza za magetsi. Cimene ndikana ine ndi cakuti munthu akankhe njinga mtunda wautali, kapena aikweze pa ngolo, cifukwa ca dontho la madzi m'kambale.

Enanso adzati kabyuleta ndi cinthu cakale cimene cilikutha. M'mau amenewa muli coonadi. Honda Super Cub, imene inayamba kupangidwa m'caka ca 1958 ndipo inakwana 100 miliyoni m'caka ca 2017, inasiya kabyuleta pa njinga zogulitsidwa ku Japan m'caka ca 2007, ndipo petulo anayamba kupoperedwa molamulidwa ndi kompyuta. Koma njinga zambiri zocokera ku India ndi ku China zimene zinyamula cimanga, nshawa ndi odwala m'midzi mwathu zikali ndi kabyuleta. Kwa munthu wa kumudzi ici si tsoka konse, pakuti kabyuleta imakonzeka ndi sipanala ndi sikuludiraiva, pomwe njinga ya kompyuta ifuna galaja ya m'tauni.

Koma kodi madzi ndi matope aja alowera pati? Kawirikawiri alowera pakamwa pa thanki. Kumene kulibe malo ogulitsira mafuta, petulo amagulidwa m'mabotolo ndi m'zigubu zimene sitidziwa kuti dzulo munali ciani. Pothira, sefani petuloyo ndi nsaru yoyera yolukana bwino, ndipo madontho otsiriza a pansi pa botolo musawathire, cifukwa madzi ndi olemera kuposa petulo ndipo amakhala pansi. Ikani kasefa kakang'ono pa paipi ya pakati pa thanki ndi kabyuleta. Sefa ya mpweya ikakhala ya siponji, itsukeni, iume, muipake oilo pang'ono ndi kuifinya. Ikakhala ya pepala siitsukidwa, ikada igulidwe ina.

Ndipo inu amene mumaimika njinga m'dzinja cifukwa milatho yamira ndi misewu yaterera, musaisiye ndi petulo m'kambale. Petulo wokhalitsa amauma nasiya zomata ngati ulimbo, zimene zimatseka jeti yaing'ono. Pansi pa kambale pali kasikuluwu kokhetsera. Tsekani kampopi, mukamasule, petulo yense atuluke, ndi pomwe muikhazike njingayo m'khumbi kufikira mvula itakata.