Lamya ya Pansi pa Nyanja ndi Ngongole Yathu

Abale, dziko lathu lilibe gombe pa nyanja yamchere. Mau athu a pa intaneti ayenda m'zingwe za eni ake, monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010. Ndipo zitaduka ziwirizo pa 12 May 2024, mauthenga athu anayenda motsimphina. Mu 2017 Huawei anayamba kumanga zingwe za kumtunda pa mitengo ya ESCOM, ndi ndalama zimene Boma linakongola ku China. Chabwino. Koma adzabweza ngongoleyo ndani? Si mlimi wa nandolo wa kuno ku Phalombe kodi? Mlimi yemweyo anamuikira msonkho wa 10 pa 100 pa intaneti mu 2015. Motero alipa kawiri, pongofuna kumva mtengo wa nandolo ku Limbe. Inu aphungu athu, chotsani msonkho umenewo.