Nsima ya Kwathu ndi Nsima ya Kwawo



Mu December 2017, pa msonkhano umene unachitikira pa chilumba cha Jeju ku South Korea, bungwe la UNESCO linalemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu onse luso la ophika pizza a mumzinda wa Naples ku Italy. Pa msonkhano womwewo linalembanso nsima ya ku Malawi.

Pizza ndi mkate wopyapyala wopakidwa tomato ndi tchizi n'kuwotchedwa mu uvuni, ndipo ku Naples inayamba ngati chakudya cha amphawi. Lero dera lililonse lili ndi kaphikidwe kake. Ya ku Naples ndi yofewa, yofufuma m'mphepete. Ya ku Roma ndi yopyapyala zedi, youmirako. Ya ku Chicago ndi yochindikala, yophikidwa m'chiwaya chakuya. Za chinanazi, chimene munthu wina anayamba kuikapo ku Canada mu 1962, anthu akukanganabe. Koma pa mkangano wonsewo, aliyense amanyadira ya kwawo.

Nafenso tili ndi zathu. Kuno kuchigwa, kuchokera ku Golomoti kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, nsima imatsetsereka bwino ndi usipa, utaka kapena mlamba wowamba, pamene abale athu a kumapiri a Dedza amadalira nyemba, kabichi ndi mbatatesi. Mpunga wa m'sikimu ya Bwanje, yothiriridwa ndi madzi a Namikokwe, wasinthanso mbale za ambiri. Ndipo khomo lililonse lili ndi lamulo lake losalembedwa. Pena thelele amathira chidulo, pena soda. Pena nkhwani wopanda nsinjiro sayesedwa ndiwo. Mbewa zimene wina amazinyambitira zala, mnansi wake sangazikhudze n'komwe. Mwana amakula akudziwa dzanja la amayi ake pa mthiko, moti nsima ya kwina amaimva kuti ndi ya kwina pa mbamu yoyamba.

Chotidandaulitsa n'chakuti kusiyana kumeneku ife takusandutsa makwerero. Pamwamba taikapo ufa woyera, woyenera alendo. Pansi pake mgaiwa, umene timati ndi wa kusukulu zogonera komweko ndi kundende. Kondowole ndiye timamuseka kuti ndi ulimbo. Mkamwini wochokera ku Nkhata Bay akangotchula kuti wamulakalaka, azilamu amatsinana. Mtengwa akaphika nsima yofewa monga anaphunzirira kwawo, mawa lake nkhani ili pa mjigo yakuti sanalangidwe. Zimaoneka ngati nthabwala, koma mabanja ena aang'ono amayambira pomwepa kuzizira.

Makwerero amenewa amatidyeranso nkhokwe. Kuti ufa uyere, chimanga timachikonola, kuchiviika masiku angapo, kuchitsuka, kuchiyanika, kenaka kukagayitsa. Pa ntchito yonseyi, mafuta ndi mavitamini ambiri zimapita ndi madeya ndi madzi otsukira, ndipo thumba limabwerera kunyumba litaphwa. Nkhuku ndi nkhumba zimadya gawo lopatsa thanzi, ana athu n'kudya kuyerako. Amene anaona njala ya 2002 akukumbuka m'mene madeya omwewo anasandukira chakudya chofunidwa ndi ndalama. Sitikunena kuti ufa woyera ndi woipa, ayi. Nsima yake ndi chambo n'njosaiwalika. Tikungokana manyazi amene mtsikana amachita alendo akampeza akupakula mgaiwa, mpaka kuvundikira mbale msangamsanga.

Tisaiwalenso kuti nsima yoyera imene timaitcha yeniyeni ndi mlendo. Chimanga chinachokera ku America, monganso chinangwa cha kondowole ndi tomato wa pa pizza ya ku Naples. Chisanafike, makolo athu ankatakasa mapira ndi mawere, ndipo ku Nsanje ndi ku Chikwawa nsima yofiirira imeneyo ikuphikidwabe.