Chidindo cha Wosula Siliva Tisachiponye M'ng'anjo

Lamulungu lina, titatuluka m'tchalitchi kuno ku Soshanguve, mudzi waukulu uja umene boma la tsankho linaukhazikitsa kumpoto kwa Pretoria m'chaka cha 1974, niliupatsa dzina lolumikiza Asotho, Ashangani, Anguni ndi Avenda, losadziwa kuti tsiku lina mudzakhalanso ife a kunyanja, mayi wina wa kwathu ku Ntcheu, amene wathera zaka zambiri akuchapa ndi kusita m'nyumba ya adona ena m'tauni, anandikokera pambali, namasula mfundo ya mpango wake. M'menemo munali mphete imodzi ndi chibangiri chakuda bii, chokhala ndi miyala itatu yooneka ngati uchi wouma, zimene adonawo anam'patsa posamukira kunyumba yosungirako okalamba. "Achimwene," anatero, "bambo wina wogula zitsulo wati aziika pasikelo andipatse ya ufa. Ndigulitse kodi? Kapena ndiyambe ndazikwecha ndi phulusa kuti ziwale?"

Ndinawapempha achemwaliwo kuti phulusa alisiyire mapoto, pakuti kuda kumene iwo anakuyesa litsiro ndiwo mkhalidwe wa siliva akagonera, ndipo wokwecha mwamphamvu amafafaniza chinthu chokhacho chimene chikanam'lankhulira pamaso pa wogula. Titawalitsa nyali ya foni m'kati mwa mphete, tinaona tizidindo tinayi tondondozana, tochepa ngati nthangala za mawere: zilembo ziwiri za dzina la wosula, mkango woyenda utatukula dzanja limodzi, nangula wa ngalawa, ndi chilembo china chili pachokha.

Ine nditi, ndipo ena adzanditsutsa, kugulitsa chinthu chotere pa kulemera kwake kokha, kuti chikasungunulidwe, ndiko kugulitsa ng'ombe pa mtengo wa chikopa. Pakuti tizidindo tija ndi kalata, yolembedwa mwa dongosolo limene Angerezi analiyamba kalekale, pamene mfumu Edward Woyamba inalamula m'chaka cha 1300 kuti siliva asagulitsidwe asanayesedwe ndi kudindidwa mutu wa kambuku, umene kufikira lero ndiwo chizindikiro cha London. Mkango uchitira umboni kuti mwa magawo 1,000 a chitsulocho, 925 ndi siliva weniweni, otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa womulimbitsa. Nangula ndiye Birmingham, mzinda umene unatsegula nyumba yake yoyesera siliva mu 1773, ngakhale uli kutali ndi nyanja. Edinburgh ali ndi linga, ndipo Sheffield anali ndi chisoti chachifumu asanatenge duwa. Chilembo chapachokha chija chimanena chaka, koma popeza zilembo zimatha nizibwerezedwa ndi kalembedwe kena, munthu ayenera kuchifanizira bwino ndi ndandanda zimene masiku ano zili pa intaneti. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayiko ena ali ndi kalembedwe kawo. Manambala 800 ndi 835 apezeka kwambiri pa siliva wa ku Germany ndi maiko oyandikana nawo. 875 pambali pa nyenyezi yokhala ndi nyundo ndi chikwakwa ndi wa ku Soviet Union. Ndipo pa chibangiri cha achemwali aja panali mutu wa mkazi wovala duku ndi chilembo G, kunena Gdańsk wa ku Poland. Konkuno ku Pretoria kunali amisiri amene ntchito zawo zikufunidwa ndi osonkhanitsa zinthu zakale, monga Joe Calafato, amene zambiri za zosula zake zinatuluka ndi dzina lakuti Candida. Ndipo ndimamva chisoni poganiza kuti zingati za izo zalowa kale m'ng'anjo chifukwa mwini wake anali ndi njala ya tsiku limodzi, wopanda womuwerengera zilembo zisanu ndi ziwiri zokha za dzinalo.

Komatu chidindo ndi mboni imodzi, ndipo Malembo anatiphunzitsa kale kuti mlandu sutha ndi mboni imodzi. Zilembo EPNS zitanthauza kuti siliva angopakidwa pamwamba. Chotchedwa German silver kapena alpaca chilibe siliva ngakhale pang'ono. Ndipo kachitsulo kodindira 925 munthu aliyense angathe kukagula, nadinda nako ngakhale waya wa mpanda. Ngakhale osula a ku Cape a zaka za m'ma 1800 ankadinda zizindikiro zotsanzira za Angerezi, popanda nyumba yoyesera imene inawaloleza. Maginito akakoka chinthu, dziwani kuti si siliva. Akapanda kukoka, mlandu ukadalipo, chifukwa mkuwa nawonso sukokedwa.

Za miyala ija ndiyenera kukhalitsapo, pakuti m'pamene anthu athu amapusitsidwa kwambiri, pogula ndi pogulitsa pomwe. Amber si mwala konse ayi, koma utomoni wa mitengo umene unakwiririka pansi zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, nuuma. Wochuluka umachokera m'mbali mwa nyanja ya Baltic, makamaka ku mgodi wa Yantarny m'dera la Kaliningrad, ndipo amisiri a ku Poland ndi Lithuania ndiwo adatchuka pouika m'siliva. Chifukwa chake chidindo cha Gdańsk pafupi ndi mwala wotere ndi mboni ziwiri zogwirizana. Ukauika patsaya sumva kuzizira monga galasi. M'manja ndi wopepuka modabwitsa. Ukaupukuta pa juzi yaubweya umanyamula tizidutswa ta pepala, chinthu chimene Agiriki akale anachiona pa utomoni umenewu, umene iwo ankautcha elektron. Mkanda wopanda chitsulo umayandama m'madzi amene mwasungunulamo mchere kufikira utakana kusungunuka, pamene galasi ndi mapulasitiki ambiri amamira. Koma musayese zimenezi ndi mphete, pakuti siliva adzaumiza, inu n'kutaya chinthu chabwino. Ena amalangiza kuubaya ndi singano yamoto kuti amve fungo la paini. Ine ndikana, chifukwa bala lake silipola.

Onyenga ake ndi awiri. Woyamba ndi pulasitiki wa mtundu wa Bakelite, amene Leo Baekeland anam'tulukira mu 1907, ndipo mikanda yake yachikasu inagulitsidwa yambiri mu Africa muno kufikira anthu anaizolowera kuitcha amber. Wachiwiri ndi mbale wake weniweni, utomoni wosakhwima umene Aswahili amautcha sandarusi, umene m'zaka za m'ma 1800 unkakumbidwa m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi kwina, kumene kunkathera njira za minyanga ndi akapolo zochokera kwathu, nutumizidwa kudzera ku Zanzibar kukapangira vanishi. Kadontho ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, koikidwa pamalo obisika, kamauchititsa kunanda. Amber wokhwima sasintha msanga chotero. Ndipo mukaona chinkhanira chachikulu chitagona mwaulemu pakati penipeni pa mwala woyera mbee, wogulitsidwa pa mtengo wa buledi, kumbukirani chikomekome cha mkuyu.

Pali chinanso chimene mlendo m'dziko la eni sayenera kuchiiwala. Lamulo la katundu wogwiritsidwa kale ntchito la 2009 lifuna kuti wogula zinthu zotere, ngakhale wa pinyolo, akhale wolembetsedwa kupolisi, ndipo alembe dzina ndi chiphaso cha womugulitsa. Wogula amene safunsa chiphaso amadziwa kuti wogulitsayo ali ndi mantha, ndipo mantha amenewo amawachotsera pa mtengo. Wantchito wa m'nyumba akapezeka ndi chibangiri cha siliva m'chikwama, ndani adzayamba wakhulupirira kuti anachita kupatsidwa?

N'chifukwa chake ndinawauza achemwali aja kuti, asanapite kwa wosula wodziwa ntchito yake kukayesetsa zinthuzo, ayambe akwera takisi kukaona adona awo, akadali ndi moyo ndi nzeru zawo, nawapemphe kakalata kosainidwa konena kuti mphete ndi chibangiri anapereka okha mwa kufuna kwawo. Anapitadi Loweruka lotsatira. Kalatayo anabwera nayo, pamodzi ndi mbiri imene sanaipemphe, yakuti mpheteyo inali ya amayi awo a adonawo. Ndipo pofika lero sanagulitse kanthu, chibangiri amachivala popita ku Chigwirizano cha amayi, chikadali chakuda m'mizere yake.